Nthenga ya Nkhanga pa Mimba ya Mlongo Wanga

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinadzipatsa ntchito yotsimikiza kuti mlongo wanga wamkulu, Jesinta, anali wabodza. Kwa zaka ziwiri iye ankadandaula za m'mimba: kutentha, kupotokola, masiku ena kungolemera. Sankatupa, sankasanza, ndipo mankhwala a njoka za m'mimba sanasinthe kanthu. Chimene ine ndinkaona chinali chimodzi chokha, chakuti mizere yake ya chimanga ndinkapalira ndine.

Tsiku lina atate anamukweza pa njinga kupita naye kuchipatala cha mishoni, ine ndikutsatira wapansi. Dokotala anamugoneka, namuuza kuti atseke maso. Anamukhudza ndi thonje pamkono, ndipo Jesinta anati sizikupweteka. Atamukhudza ndi thonje lomwelo pansi pa nthiti, anadzipinda atalumanitsa mano. Dokotalayo anabwereza ndi kabotolo ka madzi ofunda, kenako ka madzi ozizira, uku akujambula pakhungu malire a dera lopweteka. Anafotokozera atate kuti mitsempha ya pamenepo inkamva mopitirira muyeso, ndi kuti ankafuna kumuona mwezi uliwonse kuti adziwe ngati mankhwala akuchepetsa deralo.

Pobwerera, Jesinta atatsikira kumtsinje kukamwa madzi, ndinati, "Atate, thonje lingapweteke munthu? Asisi amasuzumira. Ndinawaona ine."

Sindinaone kalikonse. Koma mwezi wotsatira njinga ya atate inapita kuchigayo, osati kuchipatala, ndipo Jesinta anayambanso kupalira yekha mizere yake.

Ndinkafunabe umboni woti ndikhale nawo. Masana ena ndinamupeza ali mtulo pamphasa kuseri kwa nkhokwe, bulauzi itakwera pang'ono. Ndinatola nthenga ya nkhanga, ndipo potsanzira dokotala ndinayambira pamkono. Sanagwedezeke. Ndinaidutsitsa pansi pa nthiti. Asanatsegule n'komwe maso anabuula, mawondo nafika pachifuwa. Atandiona ndili chilili, nthenga ili m'manja, anapuma kaye kawiri katatu.

"Wapeza chimene umafuna, Lazaro?" anatero motsitsa mawu. "Pita ukawauze atate."

Sindinapite. Kuwauza kukanakhala kuvomera kuti ndinanama, ndipo chikwapu cha atate ndinkachidziwa bwino. Jesinta nayenso sanandinenere. Sanapondenso kuchipatala kufikira atakwatiwa. Mwamuna wake ndiye anamubwezerako, ndipo ululu unachepa ndithu.

Lero ndikumvetsa chifukwa chake dokotala uja ankavutikira ndi thonje ndi timabotolo. Ululu wokhalitsa wa m'mimba suoneka ndi maso, choncho wodwala amasowa womuchitira umboni, ndipo khungu lake likhoza kumuchitira. Kukayika kwa mwana ndikhoza kukukhululukira. Chimene ndalephera kudzikhululukira n'chakuti m'banja lonse ine ndekha ndinkadziwa motsimikiza kuti ankanena zoona, koma ndinakhala chete zaka zisanu ndi chimodzi, ndikumuona akupalira ndi dzanja limodzi, linalo atagwira pamimba.