Chingwe choyezera mimba ya Sikochi

Pepani owerenga, sukulu ndinalekezera sitandade 4, ndiye zilembo zina zikhota.

Bambo a Chikondi, lero chakwana chaka chitisiyireni, ndipo m'mawa ndapeza chingwe chanu cha mfundo chija pa mtengo wa khola. Mukukumbuka mutabwera kuchokera ku msika wa ku Nsaru ndi botolo la jakisoni wokulitsa ng'ombe? Munati Sikochi, ng'ombe yathu yapangolo, anenepa mpaka kukanika kulowa m'khola. Ine ndi nkhawa zanga ndinafunsa, "Nanga madeya?" Munati, "Mayi, mankhwalawa ndi madeya kale." M'mawa uliwonse munkayeza mimba yake n'kumanga mfundo, koma mfundozo zinkabwerera m'mbuyo. Alangizi a ziweto atafika anati, "Bambo, jakisoni ameneyu akapeza ng'ombe yanjala, imayamba kudya mafuta ake omwe." Inu osatekeseka: "Ayi alangizi, chingwechi n'chimene chikutamuka." Tsiku lija ndinaseka mpaka misozi. Lero misozi yatsogola, kuseka pambuyo.

Mwezi wamawa tikumanga chiliza chanu, ndipo alongo anu akuti Sikochi ndiye adzakhale ndiwo za anthu. Ndikumupatsa madeya kawiri patsiku, nkhuku zikundiyang'ana moipa, koma nthiti zikuwerengekabe. Akakhala woonda, abale anu adzati ndakumanani nyama ngakhale pa chiliza. Akanenepa amupha ndithu, ndiye ngolo adzakoka ndani? Inu usani mumtendere kumeneko. Ine kuno sindikudziwa ngati madeyawa ndiwonjezere kapena ndichepetse.