Mfuti Zitatu M'nyumba ya Munthu Woopa Kupha Nkhuku

Lolemba lapitali ndinapita kupolisi pa Boma pano kukakonzetsanso ziphaso za mfuti. Inde, mwawerenga bwino. Ine amene mumandidziwa ndi choko ndi cholembera ndili ndi mfuti, ndipo si imodzi. Zilipo zitatu, zonse anandisiyira malemu bambo anga.

Pa tebulo ndinapeza mayi wapolisi waulemu wake. Anayang'ana mapepala, n'kundiyang'ana ine, magalasi anga, kamimba kangaka, kenako n'kubwereranso ku mapepala.

"Zitatu zonsezi n'zanu, bambo? Mumasaka chiyani?"

Ndinangotsokomola. Ndikanayankha kuti chiyani? Kwathu nkhuku ikafunika kuphedwa, ine ndimakumbukira mwadzidzidzi kuti pali munthu woti ndimuimbire foni, ndipo mpeni amagwira ndi akazi anga, mayi a Chifundo. Magazi ndimawaopa ngakhale a chala changa chomwe.

Mayi uja anandilangiza mofatsa kuti ngati sindizigwiritsa ntchito ndisunge imodzi, zinazo ndigulitse kwa anthu oyenera, mapepala ake adutse momwemo mu ofesi. Nditafika kunyumba n'kufotokoza, mayi a Chifundo sanachedwe n'komwe.

"Akunena zoona. Mfuti zitatu pansi pa bedi, koma makoswe akutha chimanga m'nyumba yomweyino, inu muli pompo mukuwerenga nyuzi."

Ndinakoka bokosi lachitsulo la pansi pa bedi, n'kutsegula loko, n'kuziyala zitatu zonse pa mphasa.

Yoyamba ndi yokongola, yoti ukaiona mtima umagunda. Thabwa lake ndi losalala, chitsulo chake chimanyezimirabe. Bambo anaigula kwa mzungu wina wa pa esiteti, atangobwera kumene kuchokera ku migodi ya ku Joni. Yachiwiri ndi ya mipope iwiri, yopherera nkhanga ndi kuthamangitsira anyani m'munda. Yachitatu ndi ya gogodera, zakalekale zija zothira wonga kukamwa n'kutsendera ndi kachitsulo. Thabwa lake linang'aluka, anachita kulimanga ndi waya ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo imanunkha utsi ngati denga la khitchini.

Kusankha sikunanditengere mphindi ziwiri. Yokongolayo ikhale. Alendo akabwera ndiziwaonetsa, adziwe kuti mphunzitsi wopuma uyu anabadwa kwa alenje.

Ya mipope iwiri inapeza mwini tsiku lomwelo, mlimi wina wa kachewere ku Tsangano amene nguluwe zamuliza kwa zaka zambiri. Gogodera ndiye inasowa woifuna, mpaka mwini bala ina ya m'mbali mwa msewu waukulu anamva. Iye amakonda kukoleka zinthu zamakedzana pakhoma, mitondo yosweka, nyale za mafuta, zishango. Anati adzaitseka kukamwa ndi chitsulo kuti isadzalirenso, n'kuipachika pamwamba pa mabotolo. Tinagwirana chanza, tinapangana Loweruka.

"Bambo aang'ono mwawauza?" anafunsa mayi a Chifundo.

"Ndiwauze chiyani? Mfutizi n'zanga, mapepala ali m'dzina langa."

"Chabwino," anatero. Amuna anzanga okwatira, mumamudziwa "chabwino" ameneyu. Lachinayi m'mawa ndinali pa njinga yamoto, ulendo wa ku Kandeu. Ndinadziuza njira yonse kuti ndikupita kukawadziwitsa chabe, osati kukapempha chilolezo.

Bambo aang'ono, a Zakeyu, ndi mng'ono wawo wa malemu bambo, ndipo pa m'bado wawo atsala okha. Ku migodi anapitira limodzi, n'kubwerako ndi chifuwa chimene mpaka lero sichiwapatsa mpata. Ndinawapeza pakhonde akusema mpini wa khasu. Titalonjerana, ndinafotokoza nkhani yanga mwadongosolo ngati ndili m'kalasi.

"Ndiye mwasunga iti, aphunzitsi?"

"Yokongola ija, bambo."

Anayamba kuseka. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ine n'kuthamanga kukatunga madzi. Atamwa anapukuta misozi.

"Imene ija achimwene anaiwombapo kawiri moyo wawo wonse, ndipo kawiri konseko anaphonya. Zipolopolo zake sizinkapezeka kuno. Anagulira matama basi. Ankaikoleka paphewa popita kukacheza kwa amayi anu asanawakwatire, jekete yaubweya ya ku Joni ili m'thupi, dzuwa likuswa mtengo. Thukuta ngati agwa mu mtsinje."

Ndiye kuti ine, ndi nzeru zanga zonse za m'mabuku, ndinasankha kusunga matama a bambo anga. Mwana wawo ndine ndithu, palibe angakane. Chikomekome cha mkuyu chinatipusitsa tonse awiri, wina ali mnyamata, wina ali ndi imvi.

Tinasekera limodzi, mpaka anafunsa za gogodera. Ndinawauza za bala, za khoma, za kuitseka kukamwa. Kuseka kunathera pomwepo. Anaika kasemasema pansi, n'kuyang'ana ku phiri.

"Tsiku loika achimwene, bokosi likutsika m'manda, munamva chiyani?"

Abale, ndinamva chiyani? Mudzi wonse ukudziwa zimene ndinamva, chifukwa unaona zimene ndinachita. Kunalira chinthu chimene chinagwedeza nthaka, ndipo ine, mwana woyamba wa malemu, nditavala suti yakuda, ndinadziponya kumbuyo kwa amayi a kwaya. Magalasi anga anawatola pa manda a munthu wina. Manyazi a tsiku limenelo anandichititsa kuti ndisafunse n'komwe kuti inali mfuti iti, wawomba ndani, chifukwa chiyani.

"Ndinawomba ndine," anatero a Zakeyu. "Ndi gogodera yomweyo. Pa maliro a agogo anu anawomba ndi achimwene. Mwamuna wa pamtundu pathu sachoka mwakachetechete ngati wakuba nkhuku. Mfuti imalira kamodzi, yopanda chipolopolo, yoloza kumwamba, ndipo mpaka kutsidya kwa mtsinje amadziwa kuti uje wagona. Pogawa katundu wa achimwene ndinanena kuti mfuti imeneyo ipite kwa inu. Mumaganiza kuti ndinalibe poisunga?"

Anandiyang'ana m'maso, n'kupitiriza.

"Munthu sadziwombera yekha pa maliro ake, aphunzitsi. Ndimayesa mukudziwa."

Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangotolanso kasemasema n'kupitiriza kusema mpini wawo, ine nditakhala pa mpando wa ndalema, manyazi atandigwira. Zaka zitatu chimwalirire bambo, mkuluyu wakhala akugona mtima uli m'malo, poganiza kuti tsiku lake lili m'manja mwa mwana wa achimwene ake. Mwanayo n'kuti atagulitsa tsikulo kuti likakongoletse khoma la zidakwa.

Tsono musandiseke kwambiri, chifukwa matendawa si anga ndekha. Mwaonapo mmene timachitira pogawa katundu wa malemu? Timalimbirana wailesi, sofa, suti imene mwiniwake ankavala kamodzi pa chaka. Mbale za m'kabati ya magalasi, zimene malemu sanadyerepo ngakhale tsiku limodzi, zimadanitsa munthu ndi mlongo wake. Koma khasu lotha kukamwa limene linatiphunzitsa tonse sukulu timalisiya pa dzala. Makina osokera akale aja timawagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, osafunsa kuti anasoka mayunifolomu a ana angati.

Ndipo amene akudziwa mbiri ya zinthuzi amakhala ali pomwepo, pakhonde, akutiyang'ana. Sitiwafunsa. Timati akalamba, ayamba nkhani zawo zazitali zija, ife tili ndi minibasi yoti tikwere. Timabwera kumudzi kudzawadziwitsa zimene tamaliza kale kutauni, titanyamula shuga ndi buledi kuti nkhaniyo itsike bwino. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya langa nditavala tayi.

Sindikunena kuti zonse zakale tizisunga. Nyumba ingadzaze, ndipo mfuti si chidole choti munthu azingounjika. Mayi wapolisi uja ananena zoona, ndipo mlimi wa ku Tsangano aigwiritsa ntchito yake bwino kuposa ine. Ndikungoti tisanasankhe chotsala ndi chopita, tiziyamba tafunsa kuti chinthuchi chinkagwira ntchito yanji, ndipo ntchitoyo inatha kapena ikudikira munthu.

Madzulo omwewo ndinamuimbira mwini bala uja. Sizinali zokoma. Anandikumbutsa kuti tinagwirana chanza, kuti wakhoma kale misomali pakhoma, n'kumaliza ndi kufunsa ngati ana a sukulu ndinkawaphunzitsa kusintha mawu chonchi. Ndinameza zonsezo. Anali ndi chifukwa chokwiyira.

Lachisanu ndinabwerera ku Kandeu, gogodera nditaikulunga mu chitenje cha mayi a Chifundo, chiphaso chili m'thumba. A Zakeyu anatuma uthenga kwa anansi kuti akamva kulira asadzidzimuke, palibe wamwalira, ndi aphunzitsi akuphunzira. Uthenga umenewo unali kulakwitsa kwakukulu, chifukwa m'malo mokhala m'nyumba zawo anthu anabwera kudzaonerera. Ena mwa iwo anali amayi a kwaya omwe aja.

Tinatsikira ku dambo. Mkuluyu anatulutsa kabotolo ka wonga kamene amasunga ku denga, n'kundionetsa muyeso wake pa chikhatho. Anandithiritsa ndekha, n'kunditsenderetsa kansanza ndi kachitsulo kaja mpaka anakhutira.

"Muitsamiritse zolimba paphewa. Mukaipatsa mpata ikumenyani. Mwendo umodzi kumbuyo. Lozani kumwamba."

Ndinachita zonsezo, kupatula za mwendo. Nditakoka, dziko linazima. Nditazindikira ndinali nditakhala pansi m'matope, utsi uli tolo, makutu akulira, mbuzi za eni ake zikuthawira ku phiri. Kumtunda amayi aja anali atagwirana mapewa ndi phwete. Phewa langa mpaka pano ndi lakuda, ndipo ndemangayi ndikulemba ndi dzanja lamanzere.

A Zakeyu sanaseke. Anabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, n'kuimirira pambali panga.

"Yalira bwino," anatero. "Koma unatseka maso."

Ndinavomera. Ndikanakana bwanji, mudzi wonse unaona?

"Tsiku langa usadzatseke, mwana wanga. Kugwa udzagwe, palibe kanthu, achimwene nawonso anagwa ulendo woyamba. Koma maso akhale otsegula. Ena onse adzakhala akulira, ndikufuna padzakhale mmodzi wondiona ndikupita."

Ndinalira pomwepo, m'matope momwemo, ndipo ndinanamizira utsi.

Yokongola ija ikupita. Wapezeka woifuna, mapepala ali m'njira, ndipo mayi a Chifundo ati bokosi likapepuka aikamo mbale zawo kuti makoswe asamazikwere. Yotsala ndi imodzi, yonyansa, yomangidwa ndi waya ndi mphira. Ndapangana ndi bambo aang'ono kuti ndizipita kukayeserera mpaka ndidzathe kuima ndi miyendo iwiri, maso ali pamtunda.

Nanga inu, pa katundu amene anakusiyirani akwanu, munasunga chiyani? Munafunsa ndani musanasankhe?

Chaka chamawa ndikadzapitanso ku ofesi ija, mayi wapolisi akadzafunsa kuti mfuti imodziyi ndimasakira chiyani, yankho ndili nalo tsopano. Sindisaka kanthu, mayi. Ndikusungira mkulu wina wa ku Kandeu kulira kumodzi kokha, ndipo ndikupemphera kuti chaka chinonso ndisakugwiritse ntchito.