Lole Yokokera Kumanzere

Zaka zimene zipani zinangochuluka kumene, ndinkayendetsa lole ya alamu anga, amuna a achemwali. Inali yokalamba ndithu. Ntchito yake inali kututa mabelo a fodya ku Bowe ndi m'midzi ya m'mapiri a Ntchisi kupita nawo ku okushoni.

Msika wa fodya utatsegulidwa, alamu anagula matayala awiri atsopano akutsogolo. Tinakaikitsa pa Mponela, kwa makaniko wina wachikulire. Atamanga manati, bamboyo ananyamula tayala lakale n'kulisisita. Mbali yam'kati inali itaperepeseka mpaka mawaya kuonekera, koma yakunja ili bwinobwino.

"Bwana, taonani mmene ladyekera ili," anatero. "Mawilo anuwa sakuyang'ana kumodzi. Pakufunika alaimenti, apo ayi atsopanowa athanso chimodzimodzi. Mundisiyire mpaka mawa."

Alamu anaseka. "Mawa aibwereka anthu achipani, ikatenge amayi ovina ku Mvera. Matayala ndi atsopano, vuto lili pati? Alamu, lizani tizipita."

Ndinaliza. Ndinali ndi ana atatu, ndipo ntchito sinkapezeka wamba.

Kuyambira pamenepo lole ija sinasiye kukokera kumanzere. Ndikangofewetsa dzanja pachiwongolero, inkalunjika kungalande. Tsiku lonse ndinkalimbana nayo, pokwera mapiri ndi potsika pomwe, m'misewu yokumbika ndi mvula. Phewa linayamba kuwawa, kenako khosi. Mayi a kunyumba ankandithowa ndi kansalu ka madzi otentha, m'mawa n'kubwereranso. Ndikawakumbutsa alamu, yankho linali limodzi: "Ikangotha sabata ino." Koma sabata iliyonse inali ndi zake: fodya, msonkhano, maliro, chimanga.

Tsiku lina masana ndinanyamula amayi a mvano opita kumsonkhano wa mpingo. Tikutsika chitunda china cha ku Ntchisi, dzanja linangochita dzanzi. Sindinkathamanga, mwayi wake. Lole inatsetsereka pang'onopang'ono, amayi akuimba kumbuyoko, mpaka inakatsamira khoma la dothi la m'mbali mwa msewu. Nyimbo inaduka. Palibe anavulala.

Mayi wina wachikulire anabwera pawindo. "Mwaledzera, bambo?"

"Ayi, amayi. Ndangotopa."

Anatembenuka n'kuuza anzake kuti atenge katundu wawo. Anamaliza ulendo wapansi, ine nditakhala pamwala.

Mawa lake alamu anavomera kuti tikapangitse alaimenti ija. Makaniko uja sanatinyoze. Anakunga chingwe kuchokera ku wilo lakumbuyo kufika lakutsogolo, n'kulowa pansi ndi sipanala, akuyeza, akupotokola, akuyezanso. Dzuwa lisanapendeke anali atamaliza. Koma matayala aja anali atadyeka kale mbali imodzi.

Pobwerera lole inkayenda mowongoka, moti chiwongolero ndinkachigwira ndi zala zokha. Titadutsa msika, alamu anatembenukira kwa ine.

"Matayala a masiku ano ngosalimba," anatero.

Kunali mabelo ena akutidikira ku Bowe.