Dzino la m'munda mwanga ndi pakamwa pa bulu

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu, amene anandisungira munda wanga kudzera pakamwa pa bulu. Anthu analipo ambiri, aliyense ndi pakamwa pake, koma Iye amasankha yekha womutumikira.

Mundawo uli ku Chipera, m'boma lathu la Maravia, m'mbali mwa khwawa. Anautsegula malemu amuna anga titabwerako ku Zambia, kumene tinathawira nkhondo, ndipo ndi umene umadyetsa ine ndi ana. Chaka china mvula yoyamba inagumula gombe la khwawalo, ndipo ndikulima pamenepo khasu linagunda chinthu. Ndinafukula mafupa olemera ngati miyala, ndi dzino limodzi lalitali ngati chala changa, pamwamba pake pali mizere yopindikapindika.

Kwathu kuno fupa la m'nthaka si nkhani yoseketsa. Ambiri amene sanawoloke nafe malire sitidziwa pamene anagona. Pakadziwika kuti pagona munthu, malowo ndi manda, khasu silibwererapo.

Oyamba kufika anali alamu anga, akulu awo a malemu. Pa maliro a mng'ono wawo anafika mwambo utatha, koma tsiku limeneli chifundo chawo pa akufa chinasefukira.

"Alamu, apa pagona munthu. Tulukanimo, mungadziputire tsoka."

"Munthu wa dzino ili, alamu? Ankadya chiyani?"

"Anthu akale anali akuluakulu. Si inu mumawerenga za zimphona?"

Malemba amene sawatsegula chaka chonse anawakumbukira pa munda wanga. Akazi awo, amene mawu sawakhalira m'mimba, anandiuza kuti bambowo anali atalankhula kale ndi agarimpero, okumba golide aja a ku Fingoe, kuti adzayese khwawalo ine ndikachoka. Akufa amenewa ndi odabwitsa. Khasu la mkazi wamasiye limawasowetsa mtendere, koma piki ya mlendo imawagoneka bwino.

Ndinagwada kwa Iye amene anafunsa mneneri za mafupa ouma m'chigwa. Sindinapemphe kuti akhalenso ndi moyo. Ndinangopempha kudziwa mwini wake. Kenako ndinamanga dzinolo pansonga ya nsalu, n'kukwera mota, njinga yamoto ija, kupita ku Fingoe kwa apulofesoli ena a mpingo wathu, amene amaphunzitsa za nyama ndi zomera.

Anabwera Loweruka, mudzi wonse uli pambuyo pawo. Anayang'ana gombe, anakweza mafupa, n'kunena kuti anasanduka mwala kalekale, nkhondo isanabwere, makolo athu asanabadwe. Dzinolo anati ndi la mtundu wa kavalo, mwina kavalo wakale, mwina mbidzi. Kuti ndi chiti kwenikweni, anati angadziwe ndi okhala ndi zida zopimira.

Alamu anaseka mpaka kugwira bondo.

"Kavalo ku Maravia? Nayenso anabwera pa mota?"

Anthu anaseka nawo, pakuti kavalo ambiri a ife timangomudziwa pachithunzi.

"Bulu ndi m'bale wake," anatero apulofesoli. "Bweretsani bulu tione m'kamwa."

Anthu anabweretsa bulu wa anansi anga, wonyamula makala. Akulu a mpingo, amene Lamulungu amavutika kugwada, anagwira makutu. Wina anagwira khosi. Buluyo, monga mboni yodziwa ulemu wake, anakana kutsegula pakamwa.

"Chokani, simudziwa kugwira nyama," anatero alamu, pofulumira kuti nkhaniyo ithe.

Analowetsa dzanja, n'kukokera lilime pambali, pakamwa n'kutseguka. Apulofesoli anaika dzino langa pafupi. Akulu a mpingo anasuzumira, ine ndinasuzumira, ena n'kumakankhana pambuyo. Mano akumbuyo a buluyo anali ndi mizere yomweyo yopindikapindika. Umboni utatha, bulu anatseka pakamwa, chala cha alamu chili momwemo.

"Mayo ine! Mumenyeni!"

"Alamu, mwaliona dzinolo, kapena mwangolimva?" ndinafunsa.

Akulu a mpingo anapukuta manja. "Apa si manda. Mayi, bzalani."

Alamu anangoti, "Bulu ameneyu ndi wamwano," n'kumapita akuyamwa chala. Bulu wa m'Malemba anachita kulankhula kuti mneneri amve. Wathuyu sanataye mawu.

Mafupawo apulofesoli anapita nawo kusukulu. Ine ndinabzala mochedwa, koma chimanga chinabereka. Chitakhwima, alamu anabwera kudzapempha chachiwisi. Chimanga cha pamanda chija anachikukuta mpaka chitsononkho, osaopa tsoka. Ndinawapatsa chodzaza thumba, pakuti tinalamulidwa kudyetsa wanjala, ndipo lamulolo silipatula alamu.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akusungireni minda yanu ndi malire ake. Akupatseni mvula pa nthawi yake, ndipo anthu akadzakusowetsani mboni, akutumizireni ngakhale bulu. Ameni.