Kankhalamba ka Nsupa

Ndinataya mkazi wanga, Tadala. Ndinataya mawu ake pamasitepe, nsapato zake za kushifiti pakhomo, ndi munthu yekhayo amene ankandiseka ndikakwiya.

Tsiku loika maliro ndinadzuka kusanache. Pabalaza, anthu amene anachezera anali atasasa mawu ndi nyimbo. Kuno ku Whitmore Reans, kudziko la azungu, moto wa pamaliro sitikoleza panja, choncho azimayi a kutchalitchi anapanikizana kukhitchini, akudikira ketulo. Kunja kunkagwa mvula yowaza.

Ndikuvala jekete, kachosema ka Tadala kanapulumuka m'thumba n'kugwera pansi. Ndi kamtengo kakale ka ku Japan, kochepa ngati chala chachikulu: nkhalamba yopunduka mwendo, yogwira ndodo ndi nsupa. Anapatsidwa ndi ana a mkulu wina wodwala amene Tadala ankamusamalira pantchito yake ku Telford.

Azakhali ake a Tadala ataona nsupayo, nkhope yawo inasintha. Pofika kumanda, nkhani inali itazungulira magalimoto onse: mwana wapita mwadzidzidzi, mwamuna akuyenda ndi chithumwa. Ena ankati kaponyedwe m'dzenje limodzi ndi bokosi. Ndinangokafumbata.

Apongozi anga, amene anachokera ku Dedza kudzaika mwana wawo, anandiitanira pambali natambasula dzanja. Ndinawapatsa. Ndinawauza zimene Tadala anandiuza, kuti kankagwira ntchito ngati batani: m'timabowo take tiwiri ankapisamo chingwe chokolekera kachikwama palamba. Nkhalambayo, m'chipembedzo cha Tao, ndi mmodzi wa anthu amene amati safa, ndipo m'nsupamo amanyamuliramo mankhwala a amphawi odwala.

Apongozi anakatembenuza nthawi yaitali, ambulera ili paphewa.

"Ndiye kuti nayenso ndi wosamalira odwala," anatero. "Ngati mwana wanga."

Anakapereka kwa azakhali aja, n'kuwauza kuti akagwire, sikaluma. Azakhali anakalandira ndi nsonga za zala, anakayang'ana, kenaka anapatsa mnzawo. Kanayenda m'manja mwa anthu pamene tinkathira dothi, ndipo kanabwerera kwa ine kali kofunda. Za dzenje palibe anazitchulanso.

Madzulo nyumba inali zii. Apongozi anagona msanga. Ndinakhala pampando kankhalamba kali m'manja, ndipo ndinazindikira kuti lero zachitika monga mwini wake anafunira. Tsiku lomaliza kuchipatala, Tadala anakaika m'dzanja langa, napinda zala zanga, nati:

"Usakatsekere m'kabati, iwe. Kamawala ndi manja a anthu."