Amuna Anga M'thupi la Mgiriki

Amuna anga anali aafupi, a miyendo ya matewe, ndipo phewa lawo lakumanja linali lotsika chifukwa chosenza mitengo ya zigafa kuyambira ali mnyamata. Akamatsika phiri pochokera kumunda, ndinkawazindikira ali kutali ndi kayendedwe kawo kaja ka bakha. Ndikawaseka ankangoti, "Udaziona usanavomere."

Chaka chimene tidavota koyamba m'matipate adayamba kuwonda, ine ndili ndi pakati. Matendawo tonse tinkawadziwa, koma sitinkawatchula. Tsiku lina adati akufuna kusiyira mwanayo chithunzi. Za kamera adakana. "Kamera ilibe chisoni," adatero, "ionetsa nthiti zokhazokha."

Pa Mponela panali mkulu wina wolemba zikwangwani za magolosale ndi zigayo. Anali ndi buku limene adampatsa wansembe wa ku mishoni, lodzaza zithunzi za ziboliboli zamiyala za Agiriki akale, amuna ali mbulanda, opanda ndi kansanza komwe. Kale ankalibisa pansi pa mphasa kuopa kumangidwa, koma poti kudabwera ufulu, linkangokhala pa benchi poyera. Ine ndidatsegula tsamba limodzi n'kuyang'ana kumbali.

"Mayi, musachite manyazi," adatero mkuluyo. "Anthu awa sankasema munthu mmene alili ayi. Ankatenga chifuwa cha uyu, miyendo ya uyo, n'kupanga munthu mmene amayenera kukhalira."

Amuna anga adaloza wina wowerama, dzanja lili kumbuyo ngati akufuna kuponya mbale, minofu ili gwa. "Mundijambule chonchi, akulu. Mwana wanga adzadziwe kuti abambo ake anali mwamuna."

Ine chimene ndidalimbana nacho ndi kabudula basi. Ndidati m'nyumba mwanga simulowa munthu wamaliseche, kaya ndi Mgiriki kaya ndani. Kabudula adamuveka, wa khaki. Nkhope adayesetsa ndithu, koma mphuno idatuluka yowongoka, ndipo chipsera cha pachipumi, pomwe ng'ombe ya ngolo idawagunda, chidasowa. Chithunzicho tidabwera nacho pa minibasi amuna anga atachifungatira ngati khanda. Atachikhoma pakhoma adakhala pampando n'kumachiyang'ana akumwetulira. Munthu anali ataiwala kuseka, ndiye ine ndikanati chiyani?

Adamwalira fodya asanalowe m'chigafa. Mwana adabadwa wamwamuna, ndipo atangoyamba kuyankhula ankaloza pakhoma n'kumati ababa. Tinkamuombera m'manja.

Mnyamatayo adakula wamfupi, wa matewe. Anzake kusukulu ankamutcha bakha. Adathira simenti m'zitini ziwiri, n'kupisa chitsulo pakati, n'kumanyamula kuseri kwa nyumba m'mawa uliwonse, kenaka ankabwera kudzaima pa chithunzi chija atavula malaya. Ndinkayesa ndi chibwana. Zoti mwana akudziyeza ndi mwala sizidandifike m'mutu.

Tsiku lina tikusoka fodya adandifunsa, maso ali pa masamba. "Amayi, musakwiye. Kodi ndinedi mwana wa bambo ali pakhomawa?"

Mtima udandiwawa kuposa tsiku la maliro. Ndidamuuza zonse: za buku, za Agiriki, za nthiti zimene abambo ake sadafune kuti azione. Ndidati, "Mwanawe, iwe ukamatsika phiri lija ine ndimadzidzimuka, ndimayesa abambo ako auka. Miyendoyo ndi yawo, kayendedweko ndi kawo."

Wondichitira umboni ndikanamutenga kuti? Amuna anga anali mkamwini m'mudzi mwathu, kwawo ndi kuseri kwa mapiri a Ntchisi, ndipo anzawo amene ankasenza nawo mitengo ambiri adatsatana nawo kumanda. Ndikanalimba mtima n'kuwakokera kwa wa kamera, bwenzi mwana akuziona nthitizo pachithunzi, komanso matewe onga ake.

Adalowa m'nyumba, adaima nthawi yaitali pamaso pa Mgiriki wa kabudula uja, n'kutuluka.

"Mukungonditonthoza, amayi," adatero, n'kutola singano yake.