Chaka Chimene Galu Anandilanda Amalume

Chingwe chija chinali cha chikopa cha ng'ombe, chakuda ndi thukuta la m'manja. Amalume anachilenga okha, n'kuchifewetsa pochikhuza pa nthambi ya mpichesi kuseri kwa khola. Ndinkayesa chikwapu cha ngolo. Chinali cha galu.

Kwathu ku Domwe galu samangidwa. Amadya chimene wapeza, ukamufuna umaimba mluzu. Ndiye anthu anaseka pamene amalume, atabwerako ku migodi ya ku Joni, anayamba kuyenda ndi kagalu kofiira pachingwe ngati mbuzi yopita kumsika. Anakatcha Tilipo. Apwitikizi anali asanachoke, ine ndili mu segunda kalasi, chaka chachiwiri, ku sikola ya mishoni.

Galuyo analibe mutu. Nkhuku ikadutsa, wathamangira. Chiwala chikadumpha, wathamangira. Akamva fungo la mbewa m'mizere ya kachewere, mphuno pansi, osadzutsanso. Amalume sankamukoka. Chingwe chikakungika ankangoima ngati chitsa, mphepo yachisanu ikukupiza jekete lawo. Ankadikira. Galu akatopa n'kubwerera pamwendo pawo, ankatulutsa m'thumba kachidutswa ka kachewere wootcha. "Eya, mwana wanga. Tiyenso." Dzuwa linkakwera asanafike ndi kudambo komwe.

Mwana wanga. Ine mawu amenewo sanandiuzepo. Bambo anatisiya ndili kumsana, wondilera anali amalumewo. Ndikalakwitsa kumanga goli, khofi pomwepo. Ndikabwera manja atatupa ndi mbalamatodya, kathabwa komenyera ka aphunzitsi, ankangoti, "Mawa upitenso." Koma galu ankalakwa m'mawa wonse, iwo n'kumamusisita khutu. Ine ndili pachulu, mapazi ali ming'alu yokhayokha, ndikumeza malovu. Kachewereyo wokumba ndinali ine.

Ndinkadana naye galu uja. Lero ndimaseka, munthu kuchitira nsanje chinthu cha nkhupakupa. Nthawi imeneyo sizinali zoseketsa.

Ndinakadandaula kwa amayi. Akupeta nyemba, osandiyang'ana, anati, "Asiye amalume ako. Maso awo alowa nkhungu." Ndinamva, basi. Ndinali nditaona kale kuti chikho amachita kupapasa, ndipo munthu amamuzindikira akayankhula. Ndinkati ndi ukalamba, ngakhale analibe imvi.

Pofika nyengo yotentha tchire, Tilipo anali wina. Ankayenda patsogolo pang'ono, nkhuku n'kumangoziyang'ana. Njira ya kumunda anaidziwa, ya kutchalitchi, ya kumsika. Akafika pa mlatho wa mitengo ankaima yekha mpaka amalume apeze popondera. Oseka aja anatseka pakamwa. Ine chidani chinangokula.

Tsiku lina galu anaponda minga, phazi n'kutupa. M'mawa mwake kunali maliro kutsidya kwa mtsinje. Ndinapeza amalume ataima pakhomo ndi ndodo, nkhope ataloza kumene kunkachokera nyimbo. Ndinaponya pansi thumba la sikola, n'kugwira nsonga ya ndodoyo. Mumtima ndinati nthawi yanga yakwana.

"Ndikuperekezani ine, amalume."

"Siya ndodo."

"Njira ndikuidziwa kuposa galu."

"Ndati siya. Tola thumba lako, belu lingakulirire panjira."

Kumaliroko sanapite, ndipo anthu anawanena. Kwathu munthu sajomba maliro a mnansi. Anakhala pakhonde tsiku lonse, phazi la galu lili pamiyendo pawo.

Ndinalira njira yonse. Ndinkati ngakhale galu wotsimphina akundiposa.

M'mudzi mwathu munali akhungu ena awiri, aliyense ndi mwana wa mlongo wake kutsogolo kwa ndodo. Anyamatawo ndinkakumana nawo m'mawa uliwonse, ine ndikupita ku sikola, iwo akukoka ndodo kulowera kwina. Mmodzi tinayambira limodzi primera kalasi, chaka choyamba. Sindinadzifunsepo kuti sikola anasiya bwanji. Sindinkadziwa kuti naye anayamba ndi ulendo umodzi wokha woperekeza amalume ake.